Mzungu wa Atate ndi Mzungu wa Apongozi

Kwa zaka zambiri ndithu, atate anga ndi apongozi anga aamuna ankakangana nkhani imodzi yokha, yakuti pa awiriwo ndani analamulidwa ndi azungu apamwamba. Mabanja ena amakanganira malire a munda, ena mpira, ena tchalitchi. Ife Mulungu anatikonda mwapadera, anatipatsa nkhalamba ziwiri zolimbirana atsamunda.

Atate anabadwira m'mudzi wina kum'mawa kwa Chipata, tauniyi ikadali kutchedwa Fort Jameson. Apongozi ndi a ku Mchinji, kuseri kwa boda ya Mwami, kumene masiku amenewo kunkatchedwa Fort Manning. Munthu wa njinga akanyamuka kwa atate m'mawa, kwa apongozi amakafika dzuwa lisanafike pamutu. Chilankhulo n'chimodzi, mvula ndi imodzi, nyimbo za pa Misa n'zomwezo. Koma mukanawamva akulankhula, mukanaganiza kuti pakati pa midzi iwiriyi pali nyanja yamchere.

Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale pa sekondale ina muno m'tauni ya Chipata, ndipo nthawi imeneyo tinkakhala ku Kapata. Amuna anga amathandiza madalaivala a mathiraki kulemba mapepala a katundu paboda. Miyendo ya amayi itayamba kuvuta, tinawatenga iwo ndi atate kuti azikhala nafe pafupi ndi chipatala. Apongozi ankabwera kawiri kapena katatu pachaka, atavala jekete yakuda ngakhale kunja kukuwotcha, m'manja muli jumbo ya buku la mapemphero ndi mankhwala a BP.

Kulonjerana kwake kunali kosangalatsa. "Asewele, mwafika?" "Ndafika, asewele, nanga mwatsala bwanji kuno?" Ankagwirana manja onse awiri, kufunsana za mvula, za nkhuku, za amene amwalira. Mtendere umenewu unkatha ndikangotula tiyi patebulo.

"Tiyi uyu, asewele, ndi wa kwathu," ankayamba choncho apongozi, uku akutakasa. "Azungu athu ndiwo anabzala ku Mulanje ndi ku Thyolo."

"Inde," ankayankha atate, "koma magetsi amene aphikira tiyiyo adutsa m'mawaya a mkuwa wathu."

Nthawi zambiri tiyiyo ndinkakhala nditaphika pambaula chifukwa magetsi anali atathima kuyambira dzulo lake, koma sindinkafuna kusokoneza maphunziro.

Atate ankanyadira migodi ndi njanji. Mgodi sanauonepo mkati mwake chibadwire, ndipo sitima anaiona koyamba ku Lusaka ali kale ndi ana anayi, koma ankaitchula ngati inkaima kuseri kwa nkhokwe ya agogo. Apongozi ankanyadira masukulu a mishoni. Ankati makalaliki onse a m'migodi ya kuno anali anyamata a ku Nyasaland, chifukwa eni dziko ankadziwa kugwira fosholo basi. Iwo eniake sukulu anailekezera sitandade 3, koma nzeru za anzawo onse aja ankaziyesa zawo.

"Ngati kwanu kunali kwabwino chotero, munkathawiranji kubwera kuno?" ankafunsa atate.

"Sitinkathawa. Tinkabwera kudzakuwerengerani makalata."

Tsiku lina ndinamva ndi makutu anga atate akudzitama kuti kubutchala ya m'tauni muno anthu akuda anali ndi windo lawolawo kumbali, logulirapo nyama, poti pakhomo lakutsogolo sankaloledwa. Ankanena ngati ndi mwayi umene a ku Nyasaland sanaulaweko. Apongozi sanachite mantha. Anati azungu a kwawo anali ochepa koma ophunzira, ndipo akafuna kukukwapula ankayamba akufotokozera chifukwa chake m'Chinyanja chomveka bwino. Atate anavomera kuti pamenepo mfundo ilipo. Chinthu chimodzi chokha chimene ankagwirizana n'chakuti azungu a ku Halale anali ankhanza kuposa onse, ndipo akafika pamenepa ankapumira limodzi, kenaka n'kuyambiranso.

Komatu mutu weniweni wa mkanganowu sunali njanji kapena sukulu. Aliyense anali ndi mzungu wakewake. Atate ali mnyamata anagwirapo ntchito pafamu ina ya fodya, kuyambira kusonkhezera moto m'mabalani mpaka kukwezedwa kukhala wothandiza kukhitchini. Apongozi ankasankha masamba a fodya pa esiteti ina kutsidyako. Ndipo aliyense anasunga mawu a mzungu wake ngati vesi.

"Mzungu wanga ankanena yekha," ankatero atate, "kuti a Nyasa ndi aulesi, pakamwa pokha. Amuna enieni a ntchito ali ku Fort Jameson."

"Wanga ankati a ku Rhodesia ndi mitu youma," ankayankha apongozi. "Ankati ukawauza chinthu lero, mawa uwauzenso. Nzeru zili ku Nyasaland."

Amayi akamva zimenezi ankangotenga mpando wawo n'kukakhala panja.

Zinthu zinafika poipa pa tsiku la ubatizo wa mwana wanga wachitatu. Titabwera kutchalitchi tinakhala pabwalo, pansi pa mtengo wa mango, ndi alendo osachepera makumi atatu: a kwaya, aphunzitsi anzanga, anzawo a amuna anga a kuboda. Anthu atadya n'kukhuta, nkhalamba zija zinayamba, ndipo poona kuti pali khamu, zinakweza mawu. Kenaka apongozi anatembenukira kwa ine mwaulemu wonse.

"Mayi aphunzitsi, inu mumawerenga mabuku a zimenezi. Tiweruzeni lero, nkhaniyi ithe."

Munthu wanzeru akanati mwana akulira n'kulowa m'nyumba. Ine ndinali nditangomaliza kuphunzitsa mutu wa madera oyamba amene Angelezi anakhazikitsa ku Amereka, ndipo manotsi onse anali akadali m'mutu. Ndinaika thireyi pansi, ndinagwada monga mpongozi wolongosoka, n'kuyamba kuphunzitsa.

Ndinawauza kuti kusiyana kotere sikunayambe ndi ife. Angelezi atawoloka nyanja kupita ku Amereka, amene anakakhala kumpoto anapeza kozizira ndi dothi lamiyala. Iwo anali anthu a tchalitchi, anamanga timatauni, masukulu, n'kumapha nsomba ndi kukhoma zombo. Apakati anapeza nthaka yabwino, n'kumalima tirigu ndi kuchita malonda, mitundu yosiyanasiyana itasakanikirana. Akummwera anapeza kotentha, anatsegula minda ikuluikulu ya fodya ndi mpunga, ndipo olimamo anali akapolo ochokera kuno ku Afirika. Ndinamaliza ndi mawu amene ana a sukulu amawakonda pa mayeso, akuti chimene chinkasiyanitsa maderawa ndi dothi, nyengo ndi chimene munthu anapitirako, koma mwini wake anali mmodzi, ndipo eni nthaka amene anawapeza kumeneko palibe anawafunsa maganizo.

Ndinadikira kuti wina awombe m'manja. Apongozi anakonza kolala ya jekete.

"Mwamva, asewele? Akumpoto, a tchalitchi ndi masukulu. Amenewo ndife."

Atate anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti a fodya ndi akapolo ndife? Iwe, ndinakutumiza kusukulu kuti udzanditchule kapolo pamaso pa alendo?"

"Atate, sindinatero ayi. Ndipo fodya ankalima konsekonse, ngakhale kwa apongozi..."

"Ife tinkasankha," anadula apongozi. "Kusankha ndi kulima n'zosiyana."

A kwaya anayamba kufunafuna majumbo awo. Atate anaimirira, n'kuloza apongozi ndi ndodo, n'kunena kuti mawa lomwe apita nawo kufamu ya mzungu wawo, akaone okha nyumba imene ku Nyasaland konse sikunamangidwepo yofanana nayo. Apongozi anati ali okonzeka, sanaonepo zodabwitsa chiyambire.

M'mawa mwake amuna anga anapempha tchuthi cha theka la tsiku, n'kutulutsa kagalimoto kathu. Ndinafunsa amayi ngati apite nawo.

"Ndikaone bwinja?" anatero amayi. "Ndinakwatiwa nalo, ndimaliona tsiku ndi tsiku."

Tinatsata msewu waukulu wopita ku Mwami, kenaka atate analamula kuti tikhotere kumanzere. Tinakhota, tinayenda, tinakathera pamunda wa thonje. Tinabwerera. Atate anati msewu anausuntha. Tinafunsa mayi wina amene ankachokera kudimba atasenza repu, ndipo iye anati ngati tikunena za mabalani akale aja, tawapitirira kalekale. Atate anati ankadziwa, ankangofuna kuti asewele aone kukula kwa dziko.

Tinafika cha m'ma 10 koloko. Choyamba kuoneka inali mizere iwiri ya mitengo ya bulugamu, ikuluikulu, ina itadulidwa n'kutsala zitsa. Kenaka mabalani anayi a njerwa zofiira, aatali ngati matchalitchi, opanda denga, m'limodzi mwa iwo mutamera mkuyu. Kumapeto kwake ndiye kunali nyumba ija. Malata theka anachoka, mawindo anatsekedwa ndi njerwa, koma khonde lake lalitali linalipo, ndi masitepe asanu a simenti okwerera pakhomo. Pamasitepepo panagona mbuzi. Pakhonde panakhala mayi wina wa msinkhu wanga akusenda mtedza, umene kuno timati nshawa, m'lichero. Anatilandira bwino, anati banja lawo lakhala pamenepo kuyambira nthawi ya apongozi ake, ndipo chipinda chachikulu chija amasungiramo chimanga.

"Ndi imeneyi?" anafunsa apongozi. "Yokongoladi. Mbuzi nazo zikuoneka zophunzira."

Atate anaima m'munsi mwa masitepe. Anali atavula chipewa. Mayi uja anati tikwere tikhale pamthunzi, ndipo amuna anga anakwera, ine ndinakwera, apongozi anakwera akuwerenga masitepe mokweza. Nditacheuka ndinaona atate akuzungulira nyumba kulowera kuseri. Ndinawatsatira. Ndinawapeza ataima pakakhomo kakang'ono ka kukhitchini, pamene tsopano pali khola la nkhunda.

"Atate, anthu ali kutsogolo. Bwerani tikwere pakhonde."

"Ife tinkalowera kuno," anatero.

"Mwini wake anapita kalekale."

"Ndikudziwa, iwe. Ndangozolowera."

Apa ndiye kuseka kunandithera. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, wa adzukulu khumi ndi mmodzi, amene dzulo lake ankaopseza anthu ndi ndodo, miyendo inkamukanira masitepe amene mbuzi inkagonapo. Ena aja atatipeza kuseriko, atate anadzilimbitsa n'kuyamba kuonetsa malo. Apa ndi pamene pankakhala chitofu cha nkhuni. Apa ndi pamene ankasitira malaya ndi simbi ya makala. Apo, pamtengo uja, ndi pamene mzungu ankaima m'mawa kuitana anthu.

"Analibe belu ngati mafamu ena," anatero atate. "Anali ndi wisulo yake, anaimangirira m'khosi ndi chingwe cha nsapato. Akaiomba kawiri, uli kuchimbudzi kaya uli kuti, uthamange."

Apongozi, amene ankatola nthenga ya nkhunda pajekete, anaima.

"Chingwe cha nsapato?"

"Eya. Ndipo ankaigwira ndi dzanja lamanzere, lija la zala zitatu. Ziwiri zinaduka kunkhondo."

"Kwa ife ankati zinadulidwa ndi makina a chigayo," anatero apongozi, mawu atatsika.

Atate sanamve bwino, chifukwa apongozi anaima mbali ya khutu lawo lakufa. Anapitiriza kufotokoza za lole yobiriwira imene chitseko chake ankamanga ndi waya, ndi kuti Lachinayi lililonse mzungu ankanyamuka yekha kupita kukaonana ndi dokotala ku Lilongwe, n'kubwera Lolemba. Atate ndiwo ankamusitira malaya anayi a paulendowo ndi kumutenthetsera madzi osamba.

Apongozi anazungulira n'kukaima mbali ya khutu labwino.

"Asewele, lole imeneyo nyali yake imodzi inali yosweka?"

"Ya kumanja. Mwadziwa bwanji?"

"Inkafika kwathu Lachinayi masana. Inkachoka Lolemba m'mawa."

 Amuna anga anayang'ana kumwamba ngati pali ndege. Ine, mphunzitsi wa mbiri yakale wokhala ndi satifiketi, ndinali nditakhala zaka zonsezi pakati pa mboni ziwiri za munthu mmodzi, osafunsapo n'kamodzi komwe kuti mzunguyo ankaoneka bwanji.

"Ndiye kuti anali ndi esiteti kwanunso?" anafunsa atate.

"Yaing'ono. Mabalani awiri."

"Nanga dokotala?"

"Dokotala wake anali msuweni wanga," anatero apongozi. "Anamumangira nyumba ya malata kuseri kwa mabalani. Anabereka naye ana atatu. Malaya anu osita bwino aja ankachapa ndi iyeyo."

Atate anakhala pansi pa njerwa zimene zinali pamenepo. Anagwira khutu lawo lakufa lija. Ife ana awo tinakula tikudziwa kuti khutu limeneli linafa ndi matenda a paubwana. Tsiku limenelo ndi pamene ndinamva kuti linafa pakhomo la khitchini lomwelo, m'mawa wina wa Lachinayi, mzungu uja atawamenya mbama chifukwa khala linagwa kuchokera m'simbi n'kuboola kolala ya malaya.

"Zala zitatu zokha," anatero atate, "koma ngati thabwa."

"Ndikulidziwa," anatero apongozi. "Ine linandipeza apa." Analoza pakamwa, pamene panali mpata wa mano awiri amene tonse tinkayesa kuti anachoka ndi ukalamba. "Ndinasakaniza masamba a giredi yoyamba ndi yachiwiri."

"Anayamba wakufotokozerani chifukwa chake m'Chinyanja chomveka bwino?" anafunsa atate.

"Anafotokoza pambuyo pake."

Anaseka onse awiri, kuseka koipa, kokhala ngati chifuwa. Kenaka atate anafunsa chimene chinkawavuta kwenikweni.

"Ndiye kuti pamene ankatiuza kuti a Nyasa ndinu aulesi..."

"Lachisanu lake ankatiuza kuti inu ndinu mitu youma."

Mayi wa panyumbapo anabwera ndi madzi m'jagi ndi makapu awiri, akudabwa kuti alendo ake akhaliranji kukhola la nkhunda pamene pakhonde pali mipando. Anafunsa ngati tinali ogula nshawa. Amuna anga, pofuna kuti ulendo ukhale ndi phindu lina, anati inde, ndipo tinabwerako ndi kathumba m'buti.

Tinauyamba ulendo wobwerera mpaka tinafika pa tara. Ndinkaganiza kuti basi, nkhani ija yatha, ndipo mumtima ndinayamba kale kukonza mmene ndidzaifotokozere kwa ana a sukulu monga chitsanzo. Tikuyandikira tauni, apongozi anatsokomola.

"Komabe, asewele, kwathu ankabwera atasamba."

"Madzi ake ndinkatenthetsa ndine," anatero atate.

Titafika kunyumba ndinawafotokozera amayi zonse kukhitchini. Anaseka mpaka anagwira khoma. Atapuma anati iwo za khutu ankazidziwa kuyambira asanakwatiwe, mudzi wonse unkadziwa, koma mwamuna akasankha kunyadira amene anamugonthetsa, mkazi angatani.

Apongozi anabwerera kwawo patapita masiku awiri. Panadutsa sabata yathunthu. Kenaka tsiku lina ndikuchonga mapepala a ana pakhonde, atate anabwera n'kukhala pafupi.

"Ana atatu aja," anatero, "alipo?"

Ndinafunsa amuna anga. Anati wamwamuna anapita ku Joni kalekale osabweranso, wina anamwalira, koma wamkazi wotsiriza alipo, amakhala mudzi woyandikana ndi wa apongozi. Amuna anga ankamudziwa kuyambira ali mwana, ankamutchula kuti azakhali, ndipo sanaganizepo zofunsa kuti khungu loyera lija analitenga kuti. Kubanja kwathu kufunsa mafunso si mwambo.

Tinapita mwezi wotsatira, pa tchuthi. Paboda atate anadandaula kuti akudindiranji chiphaso munthu wongopita kuseri kwa phiri, ndipo wa ofesi anawayankha mwaulemu kuti malirewo sanaike ndi iye. Apongozi anatidikirira pamsewu ndi jekete yawo, n'kutitsogolera wapansi kudutsa m'minda ya fodya.

Tinamupeza mayiyo akudyetsa nkhumba. Anali wa zaka za m'ma sikisite, wamtali, tsitsi lake la imvi lofewa atalimanga ndi duku, mapazi ong'ambika ngati a mlimi wina aliyense. Anatiyalira mphasa, anagwada kupereka moni kwa aliyense. Apongozi anamuuza kuti awa ndi asewele a ku Chipata, ndipo ankagwira ntchito m'nyumba ya bambo ake mbali inayo.

Mayiyo anapukuta manja pachitenje. Anati iye bambo akewo sawakumbuka. Anachoka iye akuyamwa, nthawi imene azungu ambiri ankagulitsa minda n'kumapita, ndipo anauza amayi ake kuti abwera Lachinayi. Chithunzi analibe. Kusukulu anzake ankamuseka, ndipo amayi ake mpaka kumwalira sankafuna kuti nkhaniyo itchulidwe.

"Anthu a kuno amangondiuza za ukali wawo," anatero. "Inu munkakhala nawo m'nyumba, bambo. Anali munthu wotani?"

Ndinayang'ana atate. Kwa moyo wanga wonse ndinawamva akutamanda mzungu ameneyu paukwati, pamaliro, m'minibasi, pamzere wa kuchipatala, kwa aliyense amene analakwitsa kukhala nawo pafupi. Tsopano anapezeka munthu mmodzi padziko lonse amene ankafunadi kumva, ndipo atate ankangotembenuza chipewa m'manja.  Anayang'ana apongozi kuti awathandize, koma apongozi anali otanganidwa kwambiri ndi kuyang'ana nkhumba.

"Anali wamtali ngati inuyo," anatero atate potsiriza. "Akamayenda ankaponda kwambiri ndi chidendene."

"Ndi zokhazo?"

Atate anaganiza nthawi yaitali.

"Ankakonda mazira awiri m'mawa. Osapsa kwambiri. Ndipo agalu ankawakonda, ankawadyetsa yekha."

Mayiyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati akusunga mawuwo penapake.

"Mazira ndimawakonda nanenso," anatero. "Zikomo, bambo."

Sanatilole kuchoka osadya. Anatuma mdzukulu wake wamkazi kukagwira nkhuku, ndipo pamene tinkadikira, iye ndi atate anayamba kukambirana za matenda a nkhumba amene anavuta chaka chimenecho mbali zonse ziwiri za boda. Atate analonjeza kuti adzamutumizira mankhwala ochokera ku Chipata kudzera mwa amuna anga. Anatumizadi kawiri, ndipo nkhumba zinafabe.